Chithunzi Cham'mwamba Chikakana Kukhala Pamalo Pake: Phunziro Lochokera kwa Khombedza

Pa tchuthi chapitachi tinapita anthu atatu kwa Khombedza m'boma la Salima, kwawo kwa mmodzi wa ife. Tonse atatu tikuphunzira zauphunzitsi, ndipo phunziro lathu lalikulu ndi Geography. Amene anayendapo pamsewu wa M5 kuchoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota akudziwa kuti dera limeneli ndi lathyathyathya. Mvula ikagwa kumapiri a ku Dowa, madzi amatsika kulowera kunyanja, ndipo akafika kuchigwa amayala m'madambo ndi m'minda. Kumeneko munthu samanga nyumba asanafunse kumene madzi amadutsa.

Funso limeneli ndi lomwe linkavutitsa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya pulayimale m'deralo. Makolo anali ataumba ndi kuwotcha njerwa zomangira makalasi awiri ndi zimbudzi, koma komiti ya sukulu inagawanika pa nkhani ya malo. Mphunzitsi wamkuluyo anali ndi zinthu ziwiri zimene zikanathetsa mkanganowo. Choyamba chinali chithunzi cha deralo chojambulidwa ndi drone nthawi yadzinja, madzi ali m'dambo, chimene anapatsidwa pa fulashi ndi anthu amene anabwera kudzaona za kusefukira kwa madzi. Chachiwiri chinali pulani ya malo a sukulu, yojambulidwa pakompyuta ndi bambo wina wojambula mapulani a nyumba pa boma. Anatiuza kuti: "Inu ndinu apakoleji, tiikireni ziwirizi pamodzi kuti tione pamene madzi amalekezera."

Tinayankha kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Inatitengera masiku anayi. Zimene tinaphunzira m'masiku amenewo ndi zimene tikufuna kugawana nanu, chifukwa ambiri a ife tidzakumana ndi zithunzi zotere kusukulu kumene tidzatumizidwe.

Zithunzi zam'mwamba si zachilendonso

Kale zithunzi zam'mwamba zinkajambulidwa ndi ndege zikuluzikulu, ndipo zinkathandiza a Dipatimenti ya Surveys kupanga mapu a dziko lino, kuphatikizapo aja a 1:50,000 amene tinkawerenga ku sekondale. Lero zinthu zasintha. Pakati pa February ndi April 2017, ma drone anagwiritsidwa ntchito poona kumene madzi anawononga ku Salima, ku Lilongwe ndi ku Karonga. Mu June chaka chomwecho boma pamodzi ndi UNICEF linatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Choncho zithunzi zikuchuluka. Vuto limene latsala ndi loti chithunzi chikachoka m'manja mwa amene anachijambula, amene wachilandira nthawi zambiri amalephera kuchigwiritsa ntchito.

Drone sijambula chithunzi chimodzi. Imajambula mazanamazana, kenako pulogalamu monga WebODM kapena Pix4D imazilumikiza ndi kuziwongola kuti zikhale chithunzi chimodzi chachikulu chimene munthu angayezepo mtunda ngati pa mapu. Chithunzi chimenechi chimatchedwa orthomosaic. Chimanyamula zinthu ziwiri: zimene maso amaona, ndi manambala obisika onena kuti malo amenewa ali pati padziko lapansi. Mavuto athu onse anachokera pa mafunso atatu. Kodi failo ikutseguka? Kodi ikudziwa pamene ili? Kodi manambala ake akuwerengedwa mofanana ndi a pulani? Tinaphunzira kuti mafunsowa ayenera kufunsidwa motsatana, osalumpha.

Funso loyamba: kodi failo ikutseguka?

Cholakwa choyamba chinali chathu. Mmodzi wa ife, pofuna kuti tonse tikhale nacho, anatsegula chithunzicho, anachisunga ngati JPEG yaing'ono n'kutitumizira pa WhatsApp. Chinafika chooneka bwino pafoni, koma titachikulitsa pakompyuta, mjigo wa pasukulu unali kadontho kosadziwika. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bando yambiri, ndipo imachotsa zambiri zobisika m'kati mwake. Chithunzi cha mapu chiyenera kusamutsidwa pa fulashi, kapena kutumizidwa ngati document, failo yake ili momwe inalili.

Titabwerera ku failo yeniyeni, laputopu inayamba kuzizira ngati yafa. Chifukwa chake n'chosavuta kuwerengera. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa pixel. Ngati kadontho kamodzi kakuimira masentimita 5 pansi, kilomita imodzi imafuna timadontho 20,000. Malo a kilomita imodzi mulitali ndi mulifupi amafuna timadontho 400 miliyoni, ndipo pokhala ndi mitundu itatu, yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, failoyo imafika 1.2 GB ngati siinafinyidwe. Failo ya TIFF yanthawi zonse siipitirira 4 GB. Ikaposa pamenepo imasungidwa ngati BigTIFF, ndipo mapulogalamu ena akale saidziwa ngakhale dzina lake likutha ndi .tif. Nayonso fulashi yokonzedwa mwa FAT32 imakana failo imodzi yoposa 4 GB, moti failo ikhoza kukanika kukopedwa kapena kufika yosakwanira.

Mankhwala ake tinawapeza mu QGIS, pulogalamu ya mapu imene ndi yaulere. Tinadula chithunzicho n'kutsala ndi malo a sukulu ndi dambo loyandikana nalo. Tinachifinya ndi njira ya LZW imene siwononga maonekedwe, ndipo tinapanga ma pyramid, timakope ting'onoting'ono timene timathandiza kompyuta kuonetsa chithunzi mwachangu popanda kuwerenga kadontho kalikonse.

Pali zinanso zimene mungakumane nazo pa funso lomweli. Mafailo a ECW ndi MrSID ndi a makampani, ndipo si pulogalamu iliyonse imene ili ndi chowatsegulira, choncho pemphani amene akukupatsani kuti akusinthireni akhale GeoTIFF. Chithunzi chikatseguka chili bii ngati makala, musafulumire kunena kuti chawonongeka. Nthawi zambiri chimakhala cha 16-bit pamene pulogalamu yanu ikuyembekezera cha 8-bit, ndipo kuchisintha kumathetsa vutolo. Mukatsegula pulani mu AutoCAD n'kupeza kabokosi kopanda kanthu kolembedwa dzina la failo, dziwani kuti failo ya DWG sisunga chithunzi m'kati mwake. Imangosunga njira yopita kumene chithunzicho chili. Mukasamutsa pulani yokha, chithunzi chimatsala. Ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi mufoda imodzi.

Funso lachiwiri: kodi ikudziwa pamene ili?

Tsiku lachiwiri tinapita pa boma kwa bambo wojambula mapulani uja, chifukwa ndi amene anali ndi AutoCAD. Chithunzi chinatseguka, koma pulani inali kwina, chithunzi kwina. Titalamula kompyuta kuti ionetse zonse pamodzi, tinaona timadontho tiwiri totalikirana, kamodzi pakona ya pansi, kena pamwamba.

Apa ndi pamene tinamvetsa kusiyana kwa mapulogalamu awiriwa. QGIS inapangidwira mapu, ndipo imawerenga manambala obisika mu GeoTIFF n'kuika chithunzi pamalo pake payokha. AutoCAD wamba anapangidwira mapulani a nyumba ndi makina. Mukalowetsa chithunzi ndi lamulo la IMAGEATTACH, amachiona ngati chithunzi chilichonse, ndipo amachiika pamene mwamuuza, kapena pa 0,0. Mitundu ina ya pulogalamuyi, monga Map 3D ndi Civil 3D, ili ndi lamulo la MAPIINSERT limene limawerenga manambalawo. Bamboyo analibe mitundu imeneyi.

Chimene chinatipulumutsa ndi kafailo kakang'ono kotchedwa world file. Kamayenda ndi chithunzi ndipo kamakhala ndi dzina lofanana nacho, kungosiyana kumapeto: .tfw kwa TIFF, .jgw kwa JPEG, .pgw kwa PNG. Anthu ambiri amakafufuta poyeretsa fulashi chifukwa sadziwa ntchito yake, ena amasintha dzina la chithunzi n'kusiya la kafailoko, ndipo ubale umathera pomwepo. Mukakatsegula ndi Notepad mupeza mizere 6 ya manambala. Woyamba ndi kukula kwa kadontho kamodzi kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa. Wachiwiri ndi wachitatu ndi kupendekeka kwa chithunzi, ndipo kawirikawiri amakhala 0. Wachinayi ndi kukula kwa kadontho kuchoka kumpoto kutsikira kum'mwera, ndipo umakhala ndi chizindikiro chochotsera. Wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi ndi malo a pakati pa kadontho koyamba, ka pakona ya pamwamba kumanzere.

QGIS inatipangira kafailoka posunga chithunzi. Kuchokera pamenepo inali samu ya Form 2. AutoCAD amafuna kona ya pansi kumanzere, choncho tinatenga nambala ya mzere wachisanu ndi chimodzi n'kuchotsapo chiwerengero cha mizere ya timadontho kuchulukitsa ndi kukula kwa kadontho. Mulifupi mwa chithunzi tinaupeza pochulukitsa timadontho topingasa ndi kukula kwa kamodzi. Titalowetsa manambalawo, chithunzi ndi pulani zinakumana pa sikirini imodzi. Tinaomba m'manja, koma tinafulumira.

Funso lachitatu: kodi manambala akuwerengedwa mofanana?

Titayang'anitsitsa, mizere ya makalasi akale pa pulani inagwera m'munda wa munthu. Makalasi enieniwo, amene malata ake ankaoneka bwino pachithunzi, anali patali ndithu ndi mizere yake. Titayeza, kusiyana kwake kunali pafupifupi mamita 300, ndipo kwakukulu kunali kwa kumpoto ndi kum'mwera.

Kuti timvetse izi tiyenera kukumbukira phunziro la m'kalasi. Dziko lapansi si lathyathyathya, ndiponso si mpira wozungulira bwinobwino. Kuti akatswiri apereke manambala ku malo alionse, amayamba agwirizana za kukula kwa dziko ndi poyambira kuwerenga. Mgwirizano umenewu umatchedwa datum. Mapu akale a Malawi anapangidwa pa datum ya Arc 1950, imene imatsatira muyezo wa dziko wa Clarke 1880. GPS ya pafoni ndi ya pa drone imagwiritsa ntchito WGS 84. Ziwirizi zimagawa dziko m'zigawo za UTM, ndipo Malawi ali m'chigawo cha 36 kum'mwera kwa equator. Ndiye manambala ake amafanana kwambiri: kwa Khombedza, nambala ya kum'mawa imapitirira pang'ono 600,000, ndipo ya kumpoto ili cha m'ma 8,500,000. Kufanana kumeneku ndi kumene kumanyenga. Mlambe umodzi womwewo uli ndi manambala awiri, ndipo amasiyana ndi mamita pafupifupi 300.

Tinafunsa bamboyo kumene anatenga manambala a malire a sukulu. Anatulutsa pepala lakale limene anapatsidwa ndi komiti, ndipo m'mphepete mwake munalembedwa za Clarke 1880. Yankho linali pamaso pathu kuyambira pachiyambi, kungoti palibe amene anawerenga m'mphepetemo.

Njira iliyonse yowerengera malo ili ndi nambala yake ya EPSG, ndipo kwa ife a ku Malawi zitatu izi ndi zoyenera kuloweza pamtima. EPSG:4326 ndi WGS 84 m'madigiri, ngati aja amaoneka pafoni. EPSG:32736 ndi WGS 84 ya UTM 36S m'mamita. EPSG:20936 ndi Arc 1950 ya UTM 36S m'mamita. Chithunzi chathu chinali pa 32736, pulani inali pa 20936.

Kukula kwa cholakwika kumakuuzani gwero lake, monga mmene dokotala amadziwira matenda poona zizindikiro. Kusiyana kwa mamita 300 ndi nkhani ya datum. Chithunzi chikapezeka m'nyanja yozizira kumpoto kwa Norway ndi Russia, mwasankha 36N m'malo mwa 36S, chifukwa manambala a kum'mwera amawerengedwa kuchokera pa 10,000,000 imene inaikidwa pa equator. Chikasanduka kadontho kosaoneka pafupi ndi 0,0, pulogalamu yawerenga madigiri ngati mamita: 34 ndi 13 kwa AutoCAD ndi malo ochepa kuposa bwalo la mpira. Chikakula kapena kuchepa ka 1,000, pulani inajambulidwa m'mamilimita, monga amachitira ojambula nyumba, pamene chithunzi chili m'mamita.

Pokonza, samalani ndi malamulo awiri a mu QGIS amene amaoneka ngati amodzi. Assign Projection imangomata chikwangwani pa failo, kunena kuti manambala ali m'katimu ndi a mtundu wakutiwakuti. Sisintha nambala ngakhale imodzi, ndipo imagwira ntchito pokhapokha ngati failo ilibe chikwangwani kapena ili ndi cholakwika. Warp, imene imatchedwanso Reproject, imawerengeranso manambala onse kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina. Ife tinkafunika yachiwiriyi. Tinasintha chithunzi kuchoka ku 32736 kupita ku 20936, tinapanga world file yatsopano, tinabwereza samu ija, ndipo malata a makalasi analowa m'mizere yake, kutsala kusiyana kwa mamita ochepa. Kusiyana kotsalako n'koyembekezeka, chifukwa manambala osinthira pakati pa ma datum awiriwa si angwiro.

Ngati mukufuna kuyenda njira yobwerera, kutenga pulani kuilowetsa mu QGIS, pemphani kuti isungidwe ngati DXF, chifukwa QGIS imavutika ndi mafailo ambiri a DWG a masiku ano. DXF siinena yokha datum yake, choncho muyenera kuiuza inuyo.

Yesero la kukoka ndi dzanja

Tiulule chinthu chimodzi. Madzulo a tsiku lachitatu, titatopa ndipo magetsi atazima kawiri, mmodzi wa ife anati: "Bwanji tingochikoka chithunzichi mpaka makalasi akumane? Adziwa ndani?" Zikanatenga masekondi khumi, ndipo pa sikirini zikanaoneka bwino.

Tinakana, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ukakoka chithunzi usanadziwe chimene chalakwika, sudziwa ngati vuto ndi la kusuntha kokha, kapena palinso kupendekeka ndi kukula kolakwika. Malo amodzi akhoza kukumana pamene kumapeto kwa dambo, kumene kunali nkhani yonse, kwasokonekera. Komanso munthu amene adzatsegule failoyo chaka chamawa n'kuikapo mfundo za GPS sadzadziwa kuti wina anaigwiragwira. Kulumikiza chithunzi ndi dzanja kuli ndi njira yake yovomerezeka. Chida cha Georeferencer mu QGIS chimafuna kuti usankhe malo angapo odziwika bwino, omwazikana m'chithunzi chonse, monga kona za nyumba, kalavati ndi mphambano za misewu, ndipo chimakuuza kuti malo alionse aphonya ndi mamita angati. Imeneyo ndi njira ya chithunzi chimene chilibiretu manambala. Chathu chinali nawo, kungoti sitinawamvetse.

Mapazi ndiwo amatsimikiza

Tsiku lachinayi tinasiya kompyuta. Tinabwereka tepi ya mamita 50 kwa mmisiri womanga, ndipo pamodzi ndi aphunzitsi awiri ndi wapampando wa komiti tinayeza mitunda isanu: kuchoka pa mjigo kufika pa kona ya kalasi, mulitali mwa buloko yakale, pakati pa magoli a bwalo la mpira, ndi ina iwiri. Yonse inagwirizana ndi ya pachithunzi, kusiyana kosafika mita imodzi. Sitinadalire GPS ya pafoni pa ntchito imeneyi, chifukwa imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5 ngakhale pamtetete, ndipo pansi pa mitengo ya mango imaphonya kuposa pamenepo.

Kenako tinatenga chithunzi chosindikizidwa n'kukaonetsa agogo ena amene akhala pafupi ndi dambolo moyo wawo wonse. Anayang'ana pamene madzi analekezera pachithunzi n'kuseka. Anati chaka chimenecho mvula inali yapakatikati, ndipo anatitenga kukationetsa mtengo umene madzi amafika chaka cha mvula yambiri. Tinauika pa pulani. Chithunzi chimanena za tsiku limodzi lokha, pamene agogowo ankanena za zaka zambiri.

Komiti itakumana, inaona ndi maso kuti malo amene ambiri ankafuna anali m'kati mwa mzere wa agogo aja. Inaonanso kuti zimbudzi zikanakhala pafupi kwambiri ndi mjigo, pamene malangizo a zaukhondo amati pakhale mamita osachepera 30. Makalasi adzamangidwa pamalo okwererapo, kuseri kwa ofesi. Tikadapereka pulani ija ya tsiku lachiwiri, dambo likadaoneka kuti lili kutali, ndipo njerwa za makolo zikadamangidwa m'madzi.

Tinawauzanso momveka kuti ntchito yathu si chikalata cha malire. Malire a malo amatsimikizidwa ndi woyeza malo wovomerezeka ndi boma, mogwirizana ndi mafumu ndi eni minda yoyandikana. Mphunzitsi akhoza kuthandiza komiti kuona bwino, koma asadziyese saveya.

Zoti titenge ngati aphunzitsi

Mukalandira chithunzi cham'mwamba, funsani wokupatsaniyo zinthu zinayi asanachoke: tsiku limene chinajambulidwa, kukula kwa kadontho kamodzi, nambala ya EPSG, ndiponso ngati pali timafailo tina toyenda nacho. Lembani mayankho m'kafailo n'kukasunga mufoda yomweyo. Failo yoyamba musaigwire, gwirani ntchito pa kope lake. Ndipo chinthu chikavuta, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chachiritsa.

Ife tinakhoza mayeso a kuwerenga mapu ku sekondale, koma mawu a m'mphepete mwa mapu sitinawawerengepo ngakhale tsiku limodzi. Ophunzira athu asadzatuluke choncho. Ngakhale pa sukulu yopanda kompyuta, mapu akale a 1:50,000 ndi foni imodzi ya GPS ndi zokwanira kuwaonetsa kuti mlatho umodzi uli ndi manambala awiri, n'kuwafunsa chifukwa chake.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Mnzanu wakutumizirani chithunzi cha .tif, ndipo chikutseguka koma chili pa 0,0. Ndi kafailo kati kamene mungamufunse, ndipo mzere uliwonse wa m'katimo ukutanthauza chiyani?

2. Chithunzi chili ndi timadontho 12,000 topingasa, ndipo kadontho kamodzi ndi masentimita 10. Mulifupi mwake ndi mamita angati?

3. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa Assign Projection ndi Warp. Chingachitike n'chiyani mukasinthanitsa ziwirizi?

4. Ndi nthawi iti imene kulumikiza chithunzi ndi dzanja kuli koyenera, ndipo ndi nthawi iti imene kuli kubisa cholakwa?

5. Kwanu kumudzi kapena pasukulu imene munaphunzira, ndi ndani amene amadziwa pamene madzi amafika? Mungaike bwanji zimene akudziwazo pa mapu?